Chingerezi cha m'mabuku a nkhondo za atsamunda chandigonjetsa, ndithandizeni

Nangondo92
Abale ndithandizeni ndisanalitaye pawindo bukuli. Ndili ku Leeds, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo anzanga a kuntchito anandikokera m'kagulu kawo kowerenga mabuku. Mwezi uno asankha buku la nkhani yopeka koma yotsamira pa mbiri, nkhondo yoyamba ya dziko lonse monga inachitikira kwathu kuja, m'malire a Nyasaland ndi dziko la Ajeremani lomwe lero ndi Tanzania. Ndiye akuti popeza Mmalawi pagulupo ndine ndekha, Lachinayi ndikatsogolere zokambirana. Chingerezi pa MSCE ndinapeza 2, musandione chonchi, koma tsamba lililonse ndikupunthwa. Mawu ataliatali sakundivuta, dikishonale ili pafoni. Akundizunguza mutu ndi mawu oti ndimawadziwa kale koma umu akukana ntchito yawo: mess, batman, private, company, lines, column, orderly. Pena akuti msilikali ali "on fatigues", ine ndimvekere watopa wachisoni, kutsogolo pang'ono ndikumupeza akukumba chimbudzi. Alipo anawerengapo mabuku otere?

Jiri_waNdirande
Kkkk batman ndi uja amavala ngati mleme achemwali. Kapena analiko ku Karonga.

MphunzitsiOpuma
A Jiri, mnzanu ali pamoto inu mukuothera. Mayi Nangondo, simunalakwe kudabwa. Asilikali ali ndi Chingerezi chawochawo, ndipo chimabisala m'mawu wamba.

Batman ndi msilikali amene ankaperekedwa kwa ofesala kuti azimutumikira: kumupukutira nsapato, kumuchapira, kumudzutsa ndi tiyi. Mess si nyansi ayi, ndi malo odyera ndi kumwera, ndipo maofesala anali ndi yawo, masajeni yawo, osasakanikirana. Private ndi msilikali wamba wopanda mzere uliwonse pamkono. Company si kampani ya malonda, ndi gulu la asilikali. Amayamba ndi section, anthu ngati 10. Ma section angapo ndi platoon, cha m'ma 30. Ma platoon angapo ndi company, kupitirira 100. Ma company angapo ndi battalion, anthu mazanamazana. Fatigues ndi ntchito zonse zosakhudza mfuti, kutema nkhuni, kusesa, kukumba zimbudzi zomwe mwanenazo, ndipo nthawi zina zinkaperekedwa ngati chilango. Lines ndi nyumba za asilikali zomangidwa mondondozana. Column ndi gulu la nkhondo likakhala paulendo, mzere wautali wa anthu m'kanjira. Orderly ali pawiri, angakhale mthenga wa bwana kapena wothandiza m'chipatala, muziona komwe waima.

Nangondo92
Aphunzitsi Mulungu akudalitseni. Ndiye mutu wonse wachitatu ndinawerenga chozondoka. Ndimadabwa kuti kampani yanji iyi yoti antchito ake akungophedwa koma osatseka.

MzukuluWaKeyala
Chomwe chikundisangalatsa n'choti theka la mawu amenewa tinawameza kale m'Chichewa osadziwa. Agogo anga aamuna anamenya nkhondo yachiwiri, ndipo mpaka imfa yawo sankati "ndinali msilikali", ankati "ndinali wa Keyala". Ndinakula ndikuganiza kuti Keyala ndi malo. Ndili fomu 3 m'pamene ndinazindikira kuti ndi K.A.R., King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902. Sajeni, kopolo, lansi kopolo, sajeni meja, kaputeni, perete, onsewa ndi Chingerezi chomwe chinalowa m'kamwa mwa makolo athu n'kutuluka chitavala zathu. Achemwali, mukakumana ndi mawu ovuta yesani kuwatchula mokweza ngati mmene agogo akanawatchulira. Parade pa pepala ndi mlendo, koma mukati perete mwafika kwanu.

Chipata_Kummawa
Zoona izo. Ndipo kubwereka sikunali mbali imodzi. Azungu a ku Nyasaland ndi kuno ku Northern Rhodesia ankalemba ulendo, machila, katundu, tenga-tenga m'kati mwa Chingerezi chawo popanda kumasulira. DC akapita kukayendera midzi ankati ali "on ulendo". Ndiye anzanu a ku Leeds nawonso ali ndi popunthwira, musaope. Pamenepo mukawadyere.

Nangondo92
Eya tenga-tenga alimo! Ndinaseka ndekha m'basi nditaona Chichewa chili ndi kamzere pakati.

Jiri_waNdirande
Ndipo boma ndi chidule cha British Overseas Management Administration. Iyi ndiye ndikuidziwa, musanditsutse.

MphunzitsiOpuma
Ndikutsutsani ndithu. Nkhani imeneyo yayenda kwambiri, ngakhale aphunzitsi anzanga ena ankaiphunzitsa, koma ndi yopeka pambuyo. Boma ndi mawu a Chiswahili, kutanthauza mpanda kapena linga lotchinjiriza anthu ndi ziweto. Maofesi oyamba a atsamunda ankamangidwa m'kati mwa linga lotere, dzina n'kukakamira, mpaka ulamuliro wonse tikuutcha boma. M'buku la nkhondo mukaona asilikali akumanga boma madzulo, sikuti akumanga ofesi ya DC, akudula minga kuzinga msasa.

Jiri_waNdirande
Aaa aphunzitsi, ndakhala ndikuwina nayo mikangano kubawo zaka zonsezi.

MayiWaAwiri
Ine funso langa ndi lina. Chifukwa chiyani tikuvutika kuloweza mawu kuti timvetse mmene mzungu anatilembera? M'mabuku otere ife timangokhala "boy" ndi "native", osatchulidwa dzina, ntchito kubweretsa tiyi ndi kufa. Ndinayamba limodzi ndinalisiya patsamba 40. Bambo wa ndevu zoyera, wa zidzukulu, akumuitana boy. Mtima wanga sunalole.

Nangondo92
Amayi ndikumvetsa, nanenso pena ndimaliika pansi kaye. Koma Lachinayi kukakhala anthu 9 okambirana za kwathu, ndikapanda kuyankhula ine ayankhula ndani?

MphunzitsiOpuma
Mayi a awiri, mkwiyo wanu uli m'malo mwake, koma ine ndimaona kuti n'chifukwa chake tiyenera kuwadziwa mawuwa kuposa eni ake. Mawu a mess ndi batman ndi osavuta, mukauzidwa kamodzi basi. Oopsa ndi aja ofatsa, omveka ngati a m'kalata ya ku ofesi. Tengani recruit. Dikishonale ikuuzani kuti ndi kulemba anthu ntchito. Koma pa nkhani ya amtengatenga, nthawi zambiri kunali kuuza mfumu kuti pofika tsiku lakuti tikufuna amuna akutiakuti, apolisi n'kubwera usiku kudzagwira anthu m'nyumba. Amuna ankagona kutchire kuthawa. Tengani pacify, kukhazikitsa bata. Punitive expedition, ulendo wokalanga. M'kati mwa mawu amenewo muli midzi yotenthedwa ndi nkhokwe zogwetsedwa. Wolemba wanzeru amaika mawu otere m'kamwa mwa DC dala kuti owerenga aone kusiyana kwa chonenedwa ndi chochitika. Ngati mawuwo simukuwadziwa, mudutsa osaona kuti wolembayo akumunyoza DC kapena akumuikira kumbuyo.

Kamfuti
Ndinagwirako usilikali zaka zingapo, ndiye ndiloleni ndiikepo mlomo. Aphunzitsi, musaphatikize onse m'thumba limodzi. Askari, msilikali wachikuda, ndi carrier, wamtengatenga, ndi anthu awiri osiyana. Askari ambiri analowa okha, ankafuna malipiro, yunifolomu, ulemu kumudzi. Sitingawalande zimenezo n'kunena kuti onse anakokedwa ndi chingwe. Ena anali akatswiri enieni a nkhondo ndipo ankanyadira.

MphunzitsiOpuma
Ndavomera, n'chifukwa ndinati pa nkhani ya amtengatenga. Komabe mawu oti volunteer muziwagwira ndi dzanja limodzi. Munthu amene msonkho wa nyumba wamukhala pakhosi, kumunda kwa mzungu kuli thangata, akalowa usilikali wadzipereka inde, koma anasankha pakati pa chiyani ndi chiyani?

Kamfuti
Ngakhale lero ambiri timalowa chifukwa cha ulova aphunzitsi, koma sitikana kuti tinalowa tokha.

MzukuluWaKeyala
Apa ndili mbali ya a Kamfuti. Agogo ankanena okha kuti anathawa kwawo usiku kukalembetsa ku Zomba, mayi awo osadziwa, atasirira mnzawo atabwera ndi nsapato ndi chipewa. Koma ankanenanso kuti atafika ku Burma mu 1944, mvula yosaleka, misundu ikulowa mpaka m'nsapato, anafunsa mumtima kuti kodi Mjapani ameneyu anandilakwira chiyani. Zonse ziwiri ankazinena munthu mmodzi, pakhonde limodzi.

Nangondo92
Thangata alimonso m'bukumu, koma analimasulira kuti ndi mwambo wothandizana. Ndinaona ngati pakusowa china.

NachisaleWaKuChiradzulu
Pakusowa chachikulu. Kuthangata kwa makolo kunalidi kuthandizana, lero kumunda kwanga mawa kwako. Koma m'minda ya azungu ya kuno kummwera thangata anasanduka ntchito yolipirira malo amene ukukhala, malo oti mwina anali a makolo ako omwe. Kwathu mukatchula Magomero akuluakulu amadziwa chomwe mukunena. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo, kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma linaitsekereza kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 anaukira. Ndiye ngati buku lanu lifika pamenepo muona mawu ngati rising, rebel, sedition. Amene akumutcha rebel m'bukumo ndi yemwe nkhope yake ili pa ndalama zathu. Kawaonetseni anzanuwo ngati muli nayo ina m'chikwama.

Nangondo92
Ndili nayo ya K2,000 yomwe ndinaiwala kusintha pa eyapoti. Yapeza ntchito.

Jiri_waNdirande
Kuno imeneyo ndi chipsi cha pachiwaya mbale imodzi, mwinanso osakhuta.

MzukuluWaKeyala
Mwatchula chiwaya a Jiri, mukudziwa kuti nkhondo yoyambayo makolo ankaitcha nkhondo ya Chiwaya? Chiwaya inali mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, machine gun. M'mabuku muona Maxim, ndi mtundu wake umodzi.

Jiri_waNdirande
Ndiye kuti ndimadya pa mfuti tsiku lililonse. N'chifukwa m'mimba mumalira chonchi.

Chipata_Kummawa
Kkkk a Jiri mwawonjeza. Koma pa za magule bwanji, si mmenemonso munachokera beni? Dzina lenilenilo ndi band ya asilikali. Malipenga a ku Nkhata Bay, mganda, zovala zoyera, maudindo a kaputeni ndi sajeni m'gule, kuguba kuja. Anthu anaona perete n'kumusandutsa gule.

MayiWaAwiri
Malipenga ndiye ndimawakonda, amuna aukhondo ngati amenewo kulibe. Sokosi zoyera mbee pafumbi lonse lija, kaya amatha bwanji. Kwathu ku Dowa mganda ndi wa zikho zija amaimbira, timati mabaja.

NachisaleWaKuChiradzulu
Nthawi ya kampeni yokha m'pamene timawaona masiku ano.

Nangondo92
Abale tabwererani kuno, Lachinayi likuyandikira kkk. Ndili ndi ena: casualties, wastage, followers, struck off strength. Makamaka wastage, akuitchula pokamba za amtengatenga, ndimaganiza kuti akunena ufa wotayika panjira.

Kamfuti
Si ufa achemwali. Ndi anthu.

Casualties si akufa okha, ndi onse amene achoka pa chiwerengero cha omenya nkhondo: ophedwa, ovulala, osowa, ogwidwa. Ndiye mukaona casualties 50 musaike maliro 50. Strength ndi chiwerengero cha anthu a gulu, struck off strength ndi kufufutidwa m'kaundula, kaya wamwalira, kaya wathawa, kaya wabwezedwa kwawo. Followers ndi onse oyenda ndi asilikali koma osagwira mfuti, ophika, onyamula odwala pa machila, amtengatenga. Wastage ndi kutha kwa anthu pang'onopang'ono, osati pa nkhondo yeniyeni koma ndi matenda, njala, kutopa, kuthawa. Amawerengera ngati mmene wasitolo amawerengera matumba obooka.

Kuti mumvetse chifukwa chake ankafuna anthu ochuluka chonchija, chitani samu iyi. Misewu ya galimoto kunalibe kwenikweni, mahatchi ndi abulu ankafa ndi kashembe. Katundu wa gulu la General Northey, mkulu wa asilikali a Angerezi kumbali ya kwathu, ankachokera ku doko la Chinde ku Mozambique, kukwera Zambezi, sitima ya pamtunda mpaka Blantyre, kenako Fort Johnston, sitima ya panyanja, ndipo kuchokera pagombe zonse zinali pamutu pa munthu. Tiyerekeze munthu wasenza ufa makilogalamu 25, iye mwini akudya kilogalamu imodzi patsiku. Ulendo wa masiku 10 kupita, 10 kubwerera, wadya 20. Ofika kwa msilikali ndi 5 okha. Ndiye pafunika wina wosenzera chakudya wosenzayo, ndi winanso wosenzera ameneyo. Pofuna kuchepetsa samuyo ankadula phoso la wamtengatenga. Munthu wanjala, wosenza, wopanda bulangete m'mapiri ozizira, kamwazi akabwera sachedwa. Ku Nyasaland kokha amuna pafupifupi 200,000 anasenzako katundu pa nkhondo imeneyo, pamene asilikali anali cha m'ma 19,000. Ndiye wastage imeneyo.

Nangondo92
Ndawerenga kawiri. Ndabwerera patsamba lija, ofesala akudandaula za wastage kwinaku akupempha anthu ena atsopano, ndipo chiganizo chotsatira akufunsa ngati jamu wafika. Poyamba ndinadutsapo osamva kanthu.

MphunzitsiOpuma
Ndiye wolemba wanuyo si wopusa. Jamuyo anamuika dala pamenepo.

MayiWaAwiri
Kapena sanaone vuto lililonse, anangolemba. Inu aphunzitsi mumawakomera mtima anthu awa.

MphunzitsiOpuma
N'kutheka amayi. Zimatengera buku linalembedwa liti ndiponso ndi ndani. A Nangondo ndi amene ali nalo m'manja, atiuze akalimaliza.

MzukuluWaKeyala
Pa chipilala cha Keyala ku Zomba, chija chili ndi wotchi pafupi ndi Cobbe Barracks, pali mayina a asilikali. Amtengatenga ambiri alibe pomwe analembedwa. Mu 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth linavomera lokha kuti anthu akuda ochuluka amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi mayina monga anachitira ndi azungu. Anzanu a ku Leeds amavala kaduwa kofiira kaja mwezi wa Novembala, nkhani imeneyi ikawakhudza.

Chipata_Kummawa
China chomwe chingakusokonezeni ndi mayina a malo. Fort Johnston wanenedwa uja ndi Mangochi. Port Herald ndi Nsanje, Fort Hill ndi Chitipa, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Jameson ndi kwathu kuno ku Chipata. Neu Langenburg ndi Tukuyu ku Tanzania. Abercorn ndi Mbala, ndipo kumeneko n'komwe mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anakatula zida pa 25 Novembala 1918, patatha masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya. Uthenga unamupeza ali cha ku mtsinje wa Chambeshi. Ndiye ife a ku Zambia timati nkhondo inathera kwathu.

NachisaleWaKuChiradzulu
Inathera kwanu koma panyanja inayambira kwathu. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pagombe ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli. Mfuti ya Guendolen ili ku Mangochi pafupi ndi chipilala cha wotchi, ndinajambulitsapo.

Jiri_waNdirande
Ayamba a Malawi ndi a Zambia. Kulimbirana nkhondo ya eni ake.

Nangondo92
Kkkk a Jiri lero mwanena zanzeru. Otsiriza abale: puttees, tiffin, bob, jiggers, kiboko. Ndi dresser, yemwe ndimamuona ngati kabati.

MphunzitsiOpuma
Puttees ndi nsalu zazitali zokulunga mwendo kuchokera m'kakolo kufika m'bondo, muone zithunzi zakale za askari. Mawuwo ndi a ku India, pamodzi ndi khaki, bungalow ndi tiffin, chakudya chopepuka cha masana. Musadabwe kuwapeza kwathu, Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kwathu, anabweretsa asilikali achi Sikh kuchokera ku India mu 1891, ndipo maofesala ambiri anali atagwirako ntchito kumeneko. Bob ndi sheleni. Paundi inali masheleni 20, sheleni makobiri 12, tiki makobiri 3. Ife tinazigwiritsa ntchito mpaka kwacha itabwera mu 1971, ndiye ndikamawerenga sindivutika, ana anga ndi amene amasochera. Jiggers ndi matekenya. Kiboko ndi chikoti cha chikopa cha mvuu, ndipo mukaona nambala pafupi ndi mawu oti lashes, ndi zikoti zomwe munthu wakwapulidwa. Dresser ndi wotsuka ndi kumanga mabala.

Kamfuti
Matekenya musawapeputse. Askari a nkhondo yoyamba ambiri ankayenda opanda nsapato. Tekenya mmodzi pansi pa chikhadabo, bala n'kutukusira, munthu sangagube. Mpaka lero msilikali amayang'ana mapazi ake asanayang'ane china chilichonse.

Nangondo92
Ndabwerako abale. Ndinayamba ndi samu ya a Kamfuti, ndinatenga thumba la mpunga la makilogalamu 10 kukhitchini ya kuntchito n'kuuza aliyense alisenze pamutu kuzungulira tebulo. Mayi wina wa zaka 70 anakana kulitsitsa mpaka atazungulira kawiri. Pa wastage m'chipinda munangoti zii. Pa nkhani ya jamu anagawikana ngati aphunzitsi ndi mayi a awiri, ndipo sitinamalize. Ine ndikuona ngati anaika dala, chifukwa kumapeto ofesala yemwe uja akulephera kukumbukira dzina la batman wake.

Usiku ndinaimbira amayi kumudzi kuwafotokozera. Anangoti, "Iwe sudziwa kuti agogo a agogo ako anapita ku mtengatenga?" Akuti anatengedwa nthawi yokolola, sanabwerenso, ndipo palibe anabwera kudzanena kuti anathera kuti. Dzina lawo amayi akuti akafunsa azakhali awo Lamlungu.

MayiWaAwiri
Akakuuzani mulilembe penapake mwana wanga, azakhaliwo si a lero.

Nangondo92
Ndilemba kuchikuto kwa buku lomweli. Mwezi wamawa asankha la ku Burma, ndayamba kale kusuzumira. Dixie n'chiyani? Akuti wina waiwala dixie pamoto.

Kamfuti
Mphika wa asilikali, wachitsulo, wa chivundikiro. Tiyi wa mmenemo amanunkha nyemba za dzulo.